Timiyala tofiira ta mumtsinje: ndi ruby kapena ndikusunga zinyalala?

Uthenga wa sabata ino wachokera kwa aphunzitsi ena aku Ntcheu, ndaudula pang'ono koma mfundo zake ndi izi:

"Akulu, chiyambire chaka chatha ndakhala ndikutola timiyala tokongola mumtsinje wa kwathu makamaka mvula ikangogwa, pano tadzadza chitini cha mkaka. Tambiri ndi tofiira, tina ndi toyera ngati galasi, ndipo pali umodzi wokulirapo wobiriwira mofuwirira. Mayi a kunyumba akuti ndikusunga zinyalala. Koma pali mkulu wina wabwera kawiri kufuna kugula chitini chonse, akuti ndi miyala wamba koma sakusiya kubwera. Ine sikuti ndikufuna kulemera nayo, ndimangoikonda basi, koma ndikufuna ndidziwe kuti ndi miyala yanji, ndingaisalaze bwanji kuti iziwala, komanso kodi sandimanga nayo? Mnzanga akuti ndiimenye ndi nyundo, umene sukusweka ndiye weniweni."

Aphunzitsi, tisanapite patali, nyundoyo ibwezeni komwe munaitenga. Mnzanuyo akufunirani zabwino koma nzeru imeneyoyo yaphwanyitsa miyala yabwino yambiri m'midzimu. Ngakhale dayamondi amene, mwala wolimba kuposa yonse, mukaumenya ndi nyundo umanyenyeka. Tikamati mwala ndi wolimba timatanthauza kuti sukandika, osati kuti susweka, ndi zinthu ziwiri zosiyana zimenezi. Ndiye mtima m'malo, simunalakwitse kanthu, ndipo simukusunga zinyalala. Ine ndinayambanso chimodzimodzi, ndi botolo la mayonezi pawindo, akunyumba akundiseka, mpaka pano zaka zapitapo zambiri ndikadali kutola ndi kusalaza miyala.

Ndipo poti muli ku Ntcheu sindingadabwe ngati mukuganiza kuti tofiirato ndi ruby, mwala wofiira wamtengo wapatali. Phiri la Chimwadzulu lili m'boma lanu lomwelo, ndipo ruby ndi sapphire zinapezeka kumeneko mu 1958, miyala yake inafika mpaka m'misika ya kunja. Ndiye sikuti ndi maloto chabe. Koma ndikuuzeni zoona zake, mwa anthu onse amene anandibweretserapo timiyala tofiira ta mumtsinje, pafupifupi onse tinali garnet. Garnet ali mbwee m'miyala yakale ya dziko lathu lino, thanthwe likamafumbutuka ndi mvula timiyalato timatsalira mumchenga poti ndi tolemera, nchifukwa chake mumatipeza pokhota pa mtsinje kapena kuseri kwa chimwala chachikulu pamene madzi amafika ofooka. Garnet si woipa, wina amakhala wokongola kwambiri moti amadulidwa n'kuikidwa pa mphete, kungoti mtengo wake ndi wa ruby ndi kumwamba ndi pansi.

Tiyeni tiyambe ndi maso, zida zibwera pambuyo. Tsukani timiyalato ndi madzi ofunda, sopo ndi mswachi wakale, kenako muyale pa pepala loyera panja m'mawa. Yang'anani kaumbidwe kake. Garnet amakonda kukhala wobulungira ngati kampira kokhala ndi nkhope zambiri, nthawi zambiri 12 kapena 24, ngakhale atakhulika ndi madzi mumaonabe kuti anali kampira. Ruby ndi sapphire, omwe kwenikweni ndi mwala umodzi wotchedwa corundum kungosiyana mtundu, amakhala ndi mbali 6, ngati kamgolo kapena kambale kophwatalala, ndipo pamwamba pake nthawi zina pamaoneka timizere topanga makona atatu. Toyera tija ndikukhulupirira ndi quartz, nsangalabwi yomweyi koma yoyera bwino, ngati ili yosasweka mudzaona mbali 6 ndi nsonga yosongoka ngati pensulo, timizere take timadutsa chopingasa. Wobiriwira uja ndi amene wandichititsa chidwi. Ngati uli ndi mbali 6 koma kumutu kwake kuli kwafulati ndipo timizere tikutsata mulitali, mwina ndi beryl, banja la aquamarine amene amakumbidwa kwambiri ku Mzimba ndi kutsidya ku Lundazi. Ngati mukauyang'ana kumutu ukuoneka ngati wamakona atatu obulungira, ganizirani tourmaline. Koma ngati ulibe mbali iliyonse, uli ndi m'mphepete mopindika ngati chigoba cha nkhono ndipo mkati muli timathovu tobulungira, pepani ndi chidutswa cha botolo chimene madzi achisalaza. Zimachitika, musachite manyazi, tonse tinatolapo.

Kenako kuyesa kulimba. Mjeremani wina dzina lake Friedrich Mohs mu 1812 anandandalika miyala kuyambira 1 mpaka 10 potengera uti ukukanda unzake, ndipo mpaka lero ndi muyeso womwewo timagwiritsa ntchito. Simukufunika kuloweza wonse. Ingodziwani kuti chikhadabo chanu chili cha pa 2.5, mpeni ndi galasi la pawindo cha pa 5.5, quartz 7, beryl 7.5 mpaka 8, ruby ndi sapphire 9, dayamondi 10. Anthu ambiri amati mwala ukakanda galasi ndiye wamtengo wapatali, ayi ndithu, nsangalabwi ya pamsewu imakandanso galasi. Choyesera chenicheni ndi quartz, ndipo mwayi wake muli nayo kale m'chitinimo. Tengani quartz imodzi yosalala yomwe simukuifuna, mukande ndi kansonga ka mwala wofiirawo. Ruby amalowa mosavuta n'kusiya mzere woti mukapukuta ndi chala chonyowa sukufufutika. Garnet amangoterereka kapena kusiya kachizindikiro kosaoneka bwino. Onetsetsani kuti mwapukuta, chifukwa nthawi zina chimene mukuyesa mzere ndi ufa wa mwala wanu womwe umene waperesekera pamenepo. Ndipo kandani ndi mwala wanu pa chinthu china, osati kukanda pankhope ya mwala wabwino, chipsera chake sichichoka.

Pali kanjira kena komwe ndimakakonda chifukwa ana asukulu amasangalala nako. Pezani maginito amphamvu aja ang'onoang'ono owala ngati siliva, amapezeka mu hard drive ya kompyuta yakufa, okonza makompyuta amakhala nawo. Garnet wambiri wofiira ali ndi chitsulo mkati mwake, ndiye kamwala kakang'ono mukakaika pa galasi n'kuyandikiza maginitowo kamatsatira. Ruby sasuntha. Ngatinso mungapeze katochi ka UV kaja amaunikira ndalama zachinyengo, muunikire mumdima, ruby wambiri amayaka phuliphuli kufiira ngati khala la moto pamene garnet amangokhala phee. Ndati wambiri, osati yense, ruby amene ali ndi chitsulo chochuluka sayaka kwenikweni, ndiye musagamule mlandu ndi mboni imodzi.

Mboni ina ndi kulemera. Ngati mungabwereke kasikelo ka digito kowerenga mpaka 0.01 ya gramu, yezani mwalawo kaye mulembe. Kenako ikani kapu ya madzi pa sikelopo, muibweze pa ziro, mumange mwalawo ndi ulusi ndi kuumiza m'madzimo osakhudza pansi kapena m'mbali, mulembe nambala imene yaoneka. Gawani yoyamba ija ndi yachiwiriyi. Galasi wamba limabwera cha pa 2.5, quartz 2.65, beryl cha pa 2.7, tourmaline kungopitirira 3 pang'ono, corundum 4. Vuto ndi loti garnet amasewera pakati pa 3.5 ndi 4.3, ndiye njira imeneyi siikusiyanitsirani garnet ndi ruby, koma pa wobiriwira uja ikuthandizani kwambiri. Samu imeneyi ndi ya sitandade 7, aphunzitsi, simungandiuze kuti yavuta.

Tsopano za mkulu wobwera kawiriyo. Munthu sayenda maulendo awiri kulondola miyala wamba, pamenepo mwaganiza bwino. Koma sizikutanthauzanso kuti muli ndi chuma cha mamiliyoni, ogula ambiri amagula chitini chonse motchipa poyembekeza kuti mwa timiyala 200 mupezeka tiwiri toyera bwino tobweza ndalama yawo. Ndi mmene bizinesi yake imayendera. Chimene ndingakuuzeni ndi choti musagulitse chinthu chimene simukuchidziwa dzina, ndipo musamulole atenge "sampulo" kuti akaonetse abwana ake, sampulo imeneyo nthawi zonse imakhala mwala wabwino kuposa yonse ndipo sibwerera. Dziwaninso kuti miyala imeneyi kunja imagulitsidwa pa carat, ndipo gramu imodzi ndi ma carat 5, ndiye wina akamakuuzani mtengo mufunse kuti ndi wa gramu kapena wa carat, anthu apusitsidwapo pomwepa.

Chinyengo chimayendanso mbali inayo, tsiku lina inu mudzakhala wogula poti chizolowezi chimenechi chikakulowani mumayamba kufuna miyala ya kwina. Ine ndinagwidwapo pa depoti ina, mnyamata waulemu wake, mwala wofiira bwino uli m'kapepala ka siliva ka mu paketi ya fodya, matope ali m'ming'alu kuoneka kuti wangofukulidwa kumene. Unakanda quartz bwinobwino, pa UV unayaka, ndinalipira mtima uli dyokodyoko. Kufika kunyumba kuuyang'ana ndi galasi lokulitsa ndinaona timizere topindika ngati ta pa mbale ya galamafoni ndi kathovu kamodzi. Unali ruby wopangidwa ku fakitale. Ruby wotereyu anthu akhala akupanga kuyambira cha m'ma 1902, kulimba ndi kulemera kwake ndi chimodzimodzi ndi wachilengedwe, ndiye akathyali amamuswa, kumugudubuza mumchenga n'kumupaka dothi. Chiyambire tsiku limenelo mwala ukakhala woyera kwambiri, waukulu, wopanda kachilema kalikonse koma wotchipa, ndimangothokoza n'kumapita. Ndipo ngati pali chida chimodzi choti mugule, gulani kagalasi kokulitsa ka 10x, kamakwana m'thumba la malaya.

Tibwere ku zosalaza, komwe ndikuona kuti mtima wanu uli. Funso loyamba si "ndisalaze bwanji" koma "kodi uwu ndi woti ndisalaze?" Mwala umene uli ndi nkhope zake zachibadwa, nsonga yake ili yonse, usiyeni choncho. Ku phiri la Malosa ku Zomba kumachokera aegirine, timitengo takuda tonyezimira ngati tapakidwa polishi, nthawi zambiri titamera pa feldspar woyera pamodzi ndi quartz wofuka ngati utsi. Osonkhanitsa miyala ku Ulaya ndi ku America amaidziwa Malosa chifukwa cha miyala imeneyi, ndipo chimene amafuna ndi chigulu chonsecho mmene chinamerera. Ndinaonapo munthu atathyola timitengo tonse n'kutiika m'jumbo kuti kunyamula kusavute, anabwera ndi makala basi. Inenso wanga woyamba ndinaukwecha ndi bulashi ya waya kuti uyere, ndinathothola timakristo ting'onoting'ono tomwe tinali m'mbali mwake, mpaka lero ndikauona mtima umandiwawa. Madzi, sopo, mswachi ndi kuleza mtima, zikwanira. Za asidi zisiyeni kaye mpaka mutakhala ndi wina wodziwa pambali panu, ndipo musaotche mwala pa mbaula ati kuti mtundu ukhwime, umangosweka.

Oyenera kusalaza ndi aja okhulika kale ndi madzi, zidutswa zopanda nkhope, quartz wa pinki, ndi agate ngati wabuluu uja wa ku Ngabu ku Chikwawa amene akasalala amaoneka mizeremizere ngati mitambo. Poyambira simukusowa mashini. Gulani sandipepa wakuda uja wa m'madzi amene amagwiritsa ntchito owongola ndi kupenta magalimoto, manambala 220, 400, 600, 1200 ndi 2000. Yalani pa chidutswa cha galasi lochindikala, thirani madzi, muzikhula mwalawo mozungulira uku mukuutembenuza. Chinsinsi chake chili pa kusathamanga, musachoke pa 220 mpaka maenje onse atatha, ndipo musanapite pa nambala yotsatira tsukani mwala, manja ndi galasilo, kamchenga kamodzi ka 220 kakatsalira kadzakulemberani mzere pa 1200 ndipo mubwereranso poyambira. Muziumitsa mwalawo n'kuuyang'ana padzuwa, ukanyowa umanama, umaoneka ngati watha pomwe usanathe. Kamwala kakang'ono kovuta kugwira kamatireni ndi guluu kunsonga kwa kamtengo kuti zala zisaperepeseke. Kuwala komaliza kumabwera ndi ufa wa cerium oxide wonyowetsa pa kachikopa, ukasowa funsani kwa anthu opanga ziliza za granite, amakhala ndi mapadi a dayamondi a manambala okwera ndipo akale omwe iwo ataya kwa inu ndi chuma. Kamwala kamodzi ka agate kangakudyereni madzulo angapo, ine ndimachita ndikumvera mpira pa wailesi.

Mashini ogudubuza aja, tumbler, ndi kamgolo ka labala kozungulira ndi mota usana ndi usiku, mumaikamo miyala, madzi ndi mchenga wa silicon carbide, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala, gawo lililonse pafupifupi sabata, ndiye zonse pamodzi mwezi kapena kuposa. Ena amapanga okha ndi mota ya waipa ya galimoto ndi batire ya sola, zomwe zilinso bwino poti magetsi akazima nthawi yaitali phala la mkatimo limakhazikika pansi n'kugwirana. Osasakaniza miyala yofewa ndi yolimba mumgolo umodzi, yofewayo imatha yonse, ndipo phalalo musathire mu sinki, limauma ngati simenti m'mapaipi, mayi a kunyumba adzakhala ndi chifukwa chenicheni chokwiyira. Kudula kwa nkhope zambirimbiri kwa miyala ya pa mphete kuja ndi nkhani ina, kumafuna mashini ake ndi munthu wokuphunzitsani, ndipo mumayambira pa quartz wotchipa osati pa mwala umene mumaukonda.

Apa ndiye ndilankhule mwamphamvu pang'ono. Osakhula kapena kudula mwala pouma, makamaka ndi girayinda. Fumbi la quartz ndi agate likalowa m'mapapo silituluka, limayambitsa matenda a silicosis omwe alibe mankhwala ochiza ndipo amatsegulira khomo TB, madala athu ambiri amene anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni anabwera nawo. Kansalu kapena kamasiki ka pepala sikatchinga fumbi losalala chonchija. Madzi nthawi zonse, ndipo matope ake muwakolope asanaume. Ngati munayamba mwakhulapo pouma kwa nthawi ndipo muli ndi chifuwa chosatha masabata awiri kapena kubanika, pitani kuchipatala ndipo muwauze za fumbilo. Maso nawonso, kachidutswa ka quartz kamathamanga ngati chipolopolo, valani magalasi oteteza. Ndipo m'maenje a okumba musalowemo, makamaka nthawi ya dzinja dothi likanyowa, anthu akwiririkamo. Tolani za pamtunda, ndipo mvula ikagwa kumapiri tulukani mumtsinje ngakhale pamene mulipo pali dzuwa.

Za kumangidwa, tiyeni tinene mosabisa. Mwalamulo miyala ya pansi pa nthaka ndi chuma cha dziko ngakhale munda uli wanu, ndipo lamulo limene likugwira ntchito pano ndi la migodi la 2023. Sindinaonepo munthu atavutitsidwa chifukwa cha timiyala totola pamtunda tosunga pa shelefu, koma mukangoyamba kukumba dzenje, kugula kwa ena kuti mugulitse, kapena kutumiza kunja, pamenepo pakufunika layisensi ndi chilolezo, ndipo aliyense wogula miyala ya mtengo wapatali amayenera kukhala ndi layisensi yake, mkulu wobwera kawiriyo mungathe kumufunsa kuti akuonetseni. Malamulo otumiza miyala kunja akhala akusinthasintha, mu 2025 boma linaimitsapo kutumiza, ndiye musadalire za pa WhatsApp, funsani ku ofesi za migodi. Ngakhale kupatsira m'bale wopita ku Johannesburg kamwala kuti akakufunsireni mtengo, pachipata akhoza kuvutika nako. M'nkhalango zotetezedwa ngati ya Zomba ndi Malosa simungangolowa ndi tchizulo popanda chilolezo, ndipo m'munda mwa munthu pemphani mwini wake, amfumunso adziwe, kuti mawa asadzati aphunzitsi akufukula zithumwa.

Mukayesa zonsezi ndipo pali kamwala kamene kakanda quartz, sikakutsatira maginito, kali ndi mbali 6, kapena wobiriwira uja wabwera cha pa 2.7 ndipo mkati mwake mukuoneka moyera mukaunika ndi tochi ya foni, pamenepo nzeru za pakhonde zathera pomwepo. Pitani nawo ku Geological Survey Department, nthambi ya boma yofufuza za miyala, ku Zomba kapena kwa katswiri wa miyala amene ali ndi zida zoyezera, amene sakufuna kugula mwalawo, chifukwa wogula sangakhalenso woweruza. Muujambule kaye pambali pa rula, muuyeze kulemera, ndipo ngati mukuusiya akulembereni.

China chimene ndikupemphani muyambe lero lomwe, chotsani miyalayo m'chitinimo. Ikamagubuduzika pamodzi yolimba imakanda yofewa. Mabokosi a machesi, thireyi ya mazira, kapena kukulunga uliwonse m'kapepala, zonsezi zimagwira. Uliwonse ukhale ndi nambala, ndipo mu kope mulembe mtsinje, mudzi, tsiku ndi chimene mukuganiza kuti ndi dzina lake, dzinalo lembani ndi pensulo poti lidzasintha. Mwala wopanda kwawo kwa osonkhanitsa umatsika mtengo, ndipo inu nomwe pakatha zaka zitatu simudzakumbuka kuti uwu unachokera kuti. Mukadzapeza amethyst wapepo uja musamuike pawindo, dzuwa limamufwifwitsa.

Nditumizireni zithunzi za wobiriwirayo, chimodzi cha m'mbali china cha kumutu, mujambule panja pamthunzi osayatsa fulashi, pambali pake muike ndalama yachitsulo kuti ndione kukula kwake, ndi nambala ija mupeze pa sikelo. Tofiirato musankhe tisanu tokulirapo muyese ndi quartz ndi maginito mundiuze zimene zachitika.